Apolisi ofera pa nyanja polimbana ndi a mankhwala: ulemu wawo ndi uti?

Aphunzitsi a ku Matero: Odi pa gulu. Kavidiyo kaja ka maboti kayambanso kuzungulira pa Facebook ndipo pansi pake anthu akungolembapo zilizonse, wina akuti ndi ku Mexico wina akuti ndi filimu. Si filimu ayi. Zinachitika pa 9 February 2024 pa doko la Barbate, kum'mwera kwa Spain. Tsiku limenelo nyanja inali itakalipa ndiye maboti a anthu ozembetsa mankhwala anathawira m'doko kudikira kuti mphepo ithe, poyera penipeni anthu akuwaona. Apolisi a Guardia Civil okwana 6 anatumidwa pa kaboti kopopa kuti akawapirikitse. Boti limodzi la azembetsiwo linazungulira, kuzunguliranso, kenako linabwera ndi liwiro n'kudutsa pamwamba pawo. Awiri anataya moyo, Miguel Ángel González wa zaka 39 ndi David Pérez wa zaka 43, onse anasiya ana. Chimene chimandiwawa ine ndi mawu akumveka kumbuyo kwa vidiyoyo, anthu ali pamtunda akukuwa kuchemerera azembetsi. Munthu akufa anzake akuimba mluzu.

Kamfana ka Chawama: Ba ticha pepani koma manje ife vitikhudza bwanji ivi? Zambia ilibe na nyanja ya mchere. Unga wadula, malaiti yayenda, tiyambe kulira apolisi a ku Spain zoona?

Dalaiva wa Beira: Mfana nyanja ili pafupi kuposa m'mene uganizira. Ine ndimanyamula katundu ku Beira, kudutsa Tete, kulowa pa Chanida, Katete, mpaka kuno. Anzanga ena amachokera ku Dar kulowera pa Nakonde. Chilichonse chimene chatsika pa doko chimatha kufika pa msika wa Soweto ku Lusaka sabata isanathe, chabwino ndi choipa chomwe. Iwe ukuganiza volo, heroin uja, amene akupenga naye anyamata m'makomboni amalimidwa ku Chongwe?

Kamfana ka Chawama: kkkk ku Chongwe ni chimanga chabe ba dalaiva

Asisita a ku Chelstone: Musaseke abale. Ife amene timagwira usiku timawalandira ana amenewa, wa zaka 16, 17, akunjenjemera, m'mimba mukupota, thukuta lili kamukamu chifukwa sanapeze kosuta. Mayi ake ali pambali akulira akuti wagulitsa wailesi, wagulitsa mapoto, mpaka nsapato za mng'ono wake za kusukulu. Chamba tinachizolowera kalekale koma heroin ndi nkhani ina, ndipo imachokera kutali, imayamba yaoloka nyanja kaye.

Aphunzitsi a ku Matero: Ndi zoona asisita. Njira yake ndi yodziwika, si chinsinsi. Mbewu yake kwa zaka zambiri inkalimidwa kwambiri ku Afghanistan, katundu amatsikira ku gombe la Makran kumalire a Iran ndi Pakistan, n'kukwezedwa m'zombo zamatabwa zija za asodzi. Zombozo sizifika pa doko ayi, zimaima patali usiku, timaboti ting'onoting'ono n'kumakatenga pang'onopang'ono kutsitsira m'magombe a Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Kuchoka apo ndi pa msewu, wambiri amapita ku Joni ndi ku Ulaya koma m'njiramo wina amatsala, ndi amene timamuona kunoyu. Mu December 2019 asilikali a pamadzi a ku Mozambique anapeza chombo chotere kufupi ndi Cabo Delgado, eni ake a ku Iran anachiyatsa moto okha kuti umboni umire. Ku Kenya mu 2014 boma la Uhuru Kenyatta linaphulitsa chombo chathunthu kunja kwa Mombasa chili ndi heroin yemwe. Ndiye munthu amene akuima pamadzi usiku kutchinga katundu ameneyu akutchingiranso mwana wa ku Chawama ngakhale sakudziwana.

Kamfana ka Chawama: Ok apo namvela. Koma tikambe chilungamo, apolisi ena ndiye amaperekeza katundu wamene uyo. Pa rodibuloko ukapatsa ka drinki wapita. Manje tiziti onse ni ngwazi?

Madala opuma ntchito: Mwana wanga, ine yunifomu ndinaivala mpaka imvi. Sindikukana, adyera alipo, ndipo amene ali ndi ndalama za mankhwala amagula munthu wamkulu osati wa pa rodibuloko wokha. Koma taganiza, wolandira ziphuphu safera pa ntchito. Iye amadziwa ola limene katundu adutse ndipo amapita kukamwa tiyi. Amene amagundidwa ndi boti, amene amaomberedwa, ndi uja wakana. Ndiye ukamanyoza maliro ake chifukwa cha wakuba uja, walanga munthu wolakwika kawiri.

Dalaiva wa Beira: Apo mwalasa madala.

Amake Mapasa: Ndakhala ndikuwerenga chete koma ndilankhuleko. Ambiri pano mukudziwa kuti bambo a mapasa anatisiya ali pa ntchito, sizinali za pamadzi ayi, koma anali atavala yunifomu ndipo anatuluka m'nyumba ali bwinobwino. Tsiku la maliro munabwera ena a inu munaona nokha, bokosi lokutidwa mbendera, malipenga, mfuti kulira kumanda, akuluakulu kulankhula kuti banja ili sitidzalitaya. Ine pa nthawi imeneyo ndinatonthozeka ndithu sindinama. Koma mahema atachotsedwa ndi pamene ndinadziwa kuti ndatsala ndekha, nyumba tinali kukhala inali ya ntchito ndiye anayamba kufunsa kuti mutuluka liti, ndalama zake ukapita ku ofesi iyi akuti fayilo ili uko, ukapita uko akuti amene asayina ali ku msonkhano bwerani sabata ya mawa, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya basi imene ukanagula ndiwo. Maofesi ake sinditchula. Kwinaku achibale a mwamuna nawonso akuganiza kuti walandira kale wabisa. Ndiye mukamakamba za ulemu ine ndimangoti ulemu wa tsiku limodzi ndinauona, wa masiku otsatira ndi umene ndikuufunabe.

Asisita a ku Chelstone: Pepani amake mapasa. Mulungu akulimbitseni.

Kamfana ka Chawama: Pepani amai, sininafune kukamba voipa pa adadi.

Amake Mapasa: Palibe kanthu mwanangu, funso lako silinali loipa.

Aphunzitsi a ku Matero: Amai, zimene mwanenazi zikufanana ndi zimene zinachitika ku Spain konko. Pa maliro a David Pérez ku Pamplona nduna ya za m'dziko, Fernando Grande-Marlaska, inabwera ndi mendulo kuti iike pa bokosi. Mkazi wa malemu anakana, anati nduna isaike. Anthu anamva chifukwa chake mosavuta. Maboti a azembetsi aja amatalika mamita 12 mpaka 14, kumbuyo ali ndi mainjini atatu kapena anayi akuluakulu, pamene kaboti ka apolisi sikanafike ndi theka lomwe. Zili ngati kutuma munthu wa njinga kuti akaimitse thiraki pa Great East Road. Komanso boma la Spain linaletsa maboti amtunduwu mu 2018, kungokhala nalo ndi mlandu, koma anali kuima m'doko anthu akujambula pa foni. Ndipo gulu lapadera la Guardia Civil lolimbana ndi azembetsi m'dera limenelo, OCON-Sur, linali litathetsedwa mu 2022. Ndiye mayi uja anaona kuti amene anakanika kupereka boti labwino mwamuna wake ali moyo asabwere ndi mendulo atafa.

Madala opuma ntchito: Apa ine ndisiyana nanu aphunzitsi. Ululu wa mayiyo ndikuumva, koma mendulo si ya nduna. Nduna imabwera n'kupita, lero ndi uyu mawa ndi wina. Mendulo ndi ya dziko, ndipo mwana akadzakula adzaitenga m'kabati n'kunena kuti atate anga sanafe ngati wakuba. Pamaliro si pokanganirana. Kwathu ku Katete ngakhale munthu amene munalandana naye munda akabwera kudzakhuza umamupatsa mpando, mlandu mudzakamba mukaika.

Amake Mapasa: Madala mukaika ndi pamene samakuyankhaninso foni. Mayi uja anadziwa kuti tsiku lokhalo ndi limene makamera ali pa iye. Ine ndikanakhala ndi mtima wake bwenzi nditachita chimodzimodzi.

Madala opuma ntchito: Mwina. Koma ine sindikanamulangiza choncho mwana wanga.

Aphunzitsi a ku Matero: Mendulo sanaitaye madala, anakana dzanja loipereka. Pali kusiyana.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse, ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Kuno ku South Africa Lamlungu loyamba la September chaka chilichonse amachita mwambo ku Union Buildings ku Pretoria, amawerenga maina a apolisi onse amene afera pa ntchito chaka chimenecho, mabanja amaitanidwa amaika nkhata, maina amalembedwa pa chipupa. Amaonetsa pa TV. Sindikunena kuti zonse zili bwino kuno, apolisi amaphedwa kwambiri ndipo amasiye amadandaulanso, koma dzina likawerengedwa pagulu chaka ndi chaka zimavuta kuti fayilo isowe. Funso langa kwa inu a ku Lusaka, ndani pano angatchule dzina la wapolisi kapena ofisala wa DEC, bungwe lathu lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, m'modzi yekha amene anafera pa ntchito, kupatula wachibale wake?

Dalaiva wa Beira: Zii. Koma timu yathu ya mpira ija inafera pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993 ndingakutchulireni kuyambira pagolo, Efford Chabala, mpaka kutsogolo.

Achimwene a ku Joni: Ndi zimenezo. Aja ali ndi manda awo a Heroes Acre pa Independence Stadium, April aliyense timawakumbuka, ndipo n'koyenera. Mapulezidenti ali ndi manda awo a Embassy Park. Asilikali a nkhondo zakale November amawaikira maluwa pa chipilala cha Cenotaph. Heroes Day ya July ambirife timangoidziwa ngati holide yopita ku Siavonga.

Kamfana ka Chawama: Ine nibwelele pa vija va bantu okuwa pamtunda. Nakhala niganiza. Sikuti nivomekeza, koma niziba mwamene vimayambila. Mu komboni ngati wogulitsa ndiye amalipilila bana sukulu, ndiye amagula bokosi pa malilo, ndiye amapatsa ma guys ka ntchito, polisi ikabwela bantu baona monga yabwela kuchotsa nsima pakamwa. Ku Chibolya mumaona mwamene vimankhalila ikangena polisi, myala. Manje kuja ku Spain si chimozimozi?

Aphunzitsi a ku Matero: Waganiza bwino mfana. Chigawo cha Cádiz kumene kuli Barbate ndi chimodzi mwa zigawo za ulova wambiri ku Spain, usodzi unachepa, ndipo Morocco ali pafupi kwambiri, pamene nyanja yapanikizika pa Gibraltar ndi makilomita 14 okha. Chamba chopanidwa cha ku mapiri a Rif chimaoloka pamenepo. Mnyamata amalipidwa kungonyamula zigubu za petulo kukapereka ku maboti ali pakati pa nyanja, wina kungokhala pa gombe ndi foni kuyang'ana apolisi, usiku umodzi n'kupeza zimene sakanazipeza pa mwezi. Koma tisaiwalenso kuti anthu ambiri a m'tauniyo anatuluka kukalira apolisi aja ndipo anakwiya kuti dzina la kwawo laipa chifukwa cha kagulu kochepa. Ku Chibolya nakonso kuli amayi ogulitsa tomato amene amangofuna mtendere.

Asisita a ku Chelstone: Wogulitsa amene akugula bokosi ndi yemweyo wapha mwana ali m'bokosimo. Ine chifundo cha mtundu umenewo chinandithera.

Madala opuma ntchito: Nanga anagwidwa amene anayendetsa boti lija?

Aphunzitsi a ku Matero: Apa pali phunziro lina. Atangochitika maliro anamanga amuna 6 mwamsangamsanga, dziko lonse linkafuna kuona wina ali m'maunyolo. Patapita miyezi ofufuza a Guardia Civil omwewo atapenda mavidiyo bwinobwino anapeza kuti boti la anthuwo si limene linagunda. Amene akuti ndiye anali pa chiwongolero, mwamuna wa ku Morocco, anagwidwa mu September 2024. Ine ndimawapatsa ulemu ofufuzawo chifukwa anaphedwawo anali anzawo, kukanakhala kosavuta kungotseka fayilo ndi anthu olakwika.

Dalaiva wa Beira: Kuno bwenzi atangoti agwidwa basi nkhani yatha kkk

Adimini: A dalaiva tisayambe kunyoza dziko lathu lonse, tikambe mfundo.

Aphunzitsi a ku Matero: Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha ku America. Pa 2 December 2012 Terrell Horne wa Coast Guard, asilikali olondera magombe a America, anali pa kaboti kakang'ono usiku kufupi ndi chilumba cha Santa Cruz ku California, akuyandikira boti lokayikitsa lozimitsa magetsi. Azembetsi anawagunda dala, iye anakankha mnzake kumuchotsa pangozi, yekha n'kugwera m'madzi atavulala m'mutu, anamwalira. Mkazi wake anali woyembekezera. Woyendetsa boti lija anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, ndipo mu 2019 Coast Guard inakhazikitsa sitima yatsopano yolondera n'kuitcha dzina lake, Terrell Horne. Ndiye onani, dzina lili pa chida chenicheni chimene anzake otsala akugwiritsa ntchito, chachikulu ndi champhamvu kuposa chimene iye anafera. Mu November 2022 dziko la America linatayanso ofisala wina, Michel Maceda wa nthambi yolondera malire, poomberana ndi azembetsi kunja kwa Puerto Rico, ndiye sikuti ndalama zimathetsa imfa ayi. Koma munthu amapita ku ntchito akudziwa kuti sanatumidwe manja lendelende.

Madala opuma ntchito: Mwaona aphunzitsi, dzina pa sitima ndi mendulo yomweyo, kungoti yaikulu. Mwabwera mbali yanga.

Aphunzitsi a ku Matero: Ayi madala, sitima imayandama, imapulumutsa wotsatira. Mendulo imakhala m'kabati.

Madala opuma ntchito: Zonse ziwiri zimafunika. Inu simunaimepo pa pareti mnzanu ali m'bokosi. Pamene lipenga lija likulira mnyamata amene wangotuluka ku sukulu ya apolisi ya Lilayi amayang'ana, ndipo mumtima amasankha ngati ntchitoyi ndi yofera kapena yongodyerapo. Mukachotsa mwambo mwamuuza kuti ukafa wafa ngati nkhuku.

Dalaiva wa Beira: Komanso tisamangoyang'ana kunja. Madzi tili nawo ife. Pa Mpulungu pali doko lenileni, zombo zimapita mpaka ku Bujumbura, ndipo Tanganyika timagawana ndi Tanzania, Congo ndi Burundi. Mweru ndi Luapula uko kutsidya ndi Congo, Kariba ndi Zambezi kutsidya ndi Zimbabwe. Usiku bwato likhoza kuoloka ndi chilichonse pansi pa kapenta. Amene amalondera kumeneko ndi ana a anthu, ena mwina ndi a kum'mawa kwathu komwe amene anakulira kutali ndi madzi. Ine funso langa ndi laling'ono, aliyense amene amakwera boti la boma usiku ali ndi jekete yoyandamitsa? Anaphunzitsidwa kusambira? Wailesi ikugwira? Mafuta obwerera alipo? Zimenezi sizifuna mabiliyoni.

Asisita a ku Chelstone: Pa 26 June paja timaguba ndi a DEC tsiku lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, ana a sukulu, zikwangwani, matisheti. Bwanji pa tsiku limenelo pasamakhale mphindi zowerenga maina a maofisala amene anapita, mabanja awo n'kukhala kutsogolo m'malo mokhala ife ovala matisheti? DEC inayamba 1989, pa zaka zonsezi pali mabanja amene akanayamikira kungoitanidwa chabe.

Achimwene a ku Joni: Ganizo labwino. Lembani kalata asisita, ife tisayina.

Kamfana ka Chawama: Kalata izankhala mu fayilo pamozi na ya amake mapasa kkkk. Sorry amai.

Amake Mapasa: Waseketsa ndi ine womwe iwe. Koma lembani ndithu. Ine chimene ndingapemphe muikemo ndi chakuti pakhale munthu m'modzi, m'modzi yekha, amene wamasiye azipita kwa iye ndipo iyeyo ndiye aziyenda ndi mapepala m'maofesimo. Komanso nyumba asamafulumire kutulutsa ana ali pakati pa temu. Za chipupa cha maina ndi zabwino, ndingakonde mapasa adzaone dzina la atate awo, koma ziyambe izi.

Adimini: Chabwino. Asisita ndi aphunzitsi lembani, muiponye pano Lachisanu tiione tonse tisanatumize. Ndale musaikemo, pano pali a zipani zonse. Nkhani ya amake mapasa tisaisiye m'malere, alipo amene amadziwa mayendedwe a mapepala amenewa?

Madala opuma ntchito: Ndilipo. Amake mapasa konzani setifiketi ya imfa, kalata ya ukwati, makadi obadwira a ana, NRC yanu ndi ya malemu, ndi pepala la ku khoti losonyeza amene anasankhidwa kuyang'anira chuma. Chilichonse mupange fotokope ziwiri, choyambirira musasiye kwa munthu ngakhale akumwetulira bwanji. Lolemba m'mawa ndikuperekezani, ena mwa ana ali m'maofesimo ndinawaphunzitsa kuguba ndine.

Amake Mapasa: Zikomo madala, zonse ndili nazo kupatula fotokope. Ndikupezani pa siteshoni 7 koloko.

Kamfana ka Chawama: Fotokope nizapanga ine amai, nili pafupi na ka shopu. Tumizani chabe mwana na mapepa mailo.

Madala opuma ntchito: 7 koloko ya chizungu amake mapasa, mizere imayamba msanga. Ndipo aphunzitsi, za mendulo ija sindinasinthe maganizo, tidzapitiriza Lachisanu.